Funsani Azamba: msana ukuwawa, apongozi akuti mimba itikitidwe

FUNSO: Azamba, ndili ndi pakati pa miyezi 7, ndipo aka n'kachiwiri. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lunzu, ndiye ndimaswera pakampando kafupi, kuwerama n'kumaunjika milu. Pofika madzulo msana ndi chiuno zimakhala ngati zathyoka, nthawi zina ululu umatsikira m'thako mpaka kuntchafu. Apongozi anga atandiyang'ana anati mwana wagona mopingasa, ndipo akufuna andiitanire agogo ena akumudzi kwawo adzanditikite pamimba kuti mwanayo akhale bwino. Bambo akunyumba akuopa ngakhale kundigwira msana, akuti angavulaze mwana. Ine ndasowa pogwira. Kodi kutikita munthu woyembekezera n'kololedwa?
Mayi wa ku Lunzu

YANKHO: Mwanangu, msana wanu utikitidwe ndithu, chiuno ndi mapewa chimodzimodzi. Koma mimba ayi. Agogowo asaikande, asaikankhe, asayese kutembenuza mwana.

Ndiyambe ndi msanawo, popeza ndi umene ukukusowetsani tulo. Chiberekero cha mayi yemwe alibe pakati n'chaching'ono kuposa chibakera chake, koma pofika masiku ochira chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi pachokha, osawerengera mwana, madzi ndi nsengwa. Katundu yenseyo ali kutsogolo, ndiye msana umapindikira mkati kuti musagwe chafufumimba. Komanso thupi limatulutsa michere yofewetsa minyewa imene imamanga mafupa a m'chiuno, kukonzekera njira ya mwana. Chiuno chofewa, katundu kutsogolo, kuonjezera apo kampando kafupi ka pamsika: msana ungaleke bwanji kudandaula? Amayi oposa theka amamva zimenezi ali oyembekezera, ndipo ambiri mwa iwo mwana amakhala atagona bwinobwino. Kuwawa kwa msana sikutiuza kanthu za kagonedwe ka mwana.

Tsono tinene kuti apongozi anu aona zoona, mwana wapingasadi kapena watsogoza matako. Pa miyezi 7 zimenezo sizitidetsa nkhawa ife azamba. Mwana akadali ndi malo ambiri, amatembenuka usana ndi usiku ngati nsomba m'madzi. Ambiri amakhala atazondoka okha pofika masabata 36, ndipo amene amafika tsiku lobadwa akadatsogoza matako ndi atatu kapena anayi okha pa ana 100 alionse. Kwa ochepawo, madokotala ena ophunzitsidwa amatha kuyesa kumutembenuza cha pa masabata 36 kapena 37, koma amayamba ajambula ndi sikani kuti aone pomwe pali nsengwa ndi kuchuluka kwa madzi, amamvetsera mtima wa mwana asanayambe ndi atamaliza, ndipo chipinda cha opaleshoni chimakhala pafupi. Agogo akumudzi, ngakhale manja awo atakhala odziwa chotani, saona mkati.

Ndikulemba izi ndili ndi chithunzi m'maso. Ndikugwira ntchito pachipatala china chaching'ono chakumudzi, usiku wina anabwera naye pangolo mtsikana wa mimba yoyamba, miyezi 8. Magazi otuluka anali ochepa, koma mimba inali gwa ngati thabwa, iye ali thukuta kamukamu, milomo itayera. Titafunsitsa, azakhali ake anaulula kuti masana amenewo anamutikita pamimba mwamphamvu kuti mwana atsike. Nsengwa inali itamatuka pakhoma la chiberekero, magazi akutayikira mkati. Tinamuika madiripi awiri n'kuthamanga naye kuchipatala chachikulu. Mayiyo anapulumuka atamuwonjezera magazi, mwana sanapulumuke. Azakhali aja anakhala pakhonde usiku wonse akulira, ndipo ine sindinawakalipire, chifukwa anachita zimene anaphunzira kwa makolo awo, ndipo anazichita mwa chikondi. Nsengwa imathanso kumatuka pa zifukwa zina monga BP yokwera kapena kugwa, koma kukanda mimba ndi ngozi yochita kuitana tokha. Ngati mwana wanu woyamba anabadwa pa opaleshoni, ndiye n'koopsa koposa, poti pachipsera paja chiberekero chingang'ambike. Ndipo agogo otikita mimba kawirikawiri amabwera ndi kabotolo ka mwanamphepo kapena mizu ina yofulumizitsa matenda. Musamwe ngakhale supuni imodzi. Mankhwala amenewo amakokesa chiberekero mopanda muyezo khomo lisanatseguke.

Kusisita mimba yanu mofatsa popaka mafuta, kapena bambo kuikapo dzanja kuti amve mwana akusewera, zimenezo zilibe vuto lililonse. Chimene ndikuletsa ndi kukanda ndi kukankha.

Tsopano pepala ili muwapatse bambo akunyumba awerenge okha. Bambo, mwana ali kutsogolo, mkati mwa madzi, kuseri kwa mafupa ndi minofu yochindikala. Dzanja lanu pamsana silingamufike. Mayi agone cham'mbali, makamaka kumanzere, mawondo atapinda pang'ono, pilo kapena chitenje chopindapinda pakati pa mawondo, china pansi pa mimba. Apo ayi akhale pampando moyang'ana kotsamira, atsamire manja ndi mutu pa pilo. Asagone chagada: mimba ikapitirira masabata 20, chiberekero chimatsamira mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, mayi amamva chizungulire ndi nseru, mwananso magazi amamuchepera. N'chifukwa chakenso timati kuyambira masabata 28 mayi azigona cham'mbali usiku.

Thirani mafuta pang'ono m'manja mwanu, apekeseni kuti afunde. Vaseline, mafuta a kokonati, ngakhale mafuta ophikira amene ali m'nyumbamo akwanira. Ndi zikhatho, osati zibakera, yendetsani manja kuchokera m'chiuno kukwera kumapewa, mbali iyi ndi iyi ya fupa la msana, osadinikiza pafupa penipenipo. Mukafika m'munsi, pamene pali timaenje tiwiri pamwamba pa matako, zungulizani chikhatho pang'onopang'ono, n'kudinikiza mokhazikika kwa kamphindi. Pamenepo ndi pamene amayi ambiri amausa moyo. Pathako pomwe ululu ukutsikira pazungulizeninso. Muzifunsa kuti "apa bwanji?" ndipo akati papweteka, chepetsani. Mphindi 10 kapena 15 asanagone n'zokwanira. Kuthowa msana ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kumathandizanso, koma madziwo muyambe mwawayesa pamkono panu, ndipo pamimba musathowe. Mankhwala opaka otentha aja a m'magolosale, ndi mapiritsi monga Brufen ndi Indocid, alekeni. Makamaka miyezi itatu yomaliza amatha kusokoneza impso ndi kayendedwe ka magazi ka mwana. Ululu ukakula, Panado ndi amene timalola, motsatira muyezo umene akuuzani kusikelo.

Luso limeneli mudzalifunanso tsiku la matenda. Mayi akamamva kupweteka kwa kubereka, kudinikiza m'munsi mwa msana ndi chikhatho kumamupepuza kwambiri, ndipo amene adzamudikirire, kaya ndi inu kaya ndi apongozi, ndi bwino adziwiretu.

Inu mayi, pamsika pezani mpando wokwererapo wokhala ndi kotsamira, tomato mumuike pabenchi m'malo mwa pansi, ndipo pakatha theka la ola muziimirira n'kuyendako pang'ono. Dengu lodzaza akusenzereni ena. Potola chinthu pindani mawondo, musawerame.

Pali kuwawa kwina kwa msana kumene sikufuna manja a munthu, kumafuna chipatala tsiku lomwelo: kumene kukubwera n'kumapita motsatizana mimba ikulimba, poti angakhale matenda oyamba masiku asanakwane, kumene kuli mbali imodzi m'munsi mwa nthiti pamodzi ndi kutentha thupi kapena kuwotcha pokodza, kumene kwabwera ndi magazi kapena madzi kumaliseche, kapena mwana akachepetsa kusewera.

Za apongozi anu, musakangane nawo. Akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo. Ulendo wotsatira wa kusikelo muwapemphe akuperekezeni, mupemphe azamba apime kagonedwe ka mwana iwo ali pomwepo, amve okha mtima wake ukugunda. Kenako muwapatse ntchito: madzulo azifunditsa madzi ndi kukuthowani msana. Munthu wamkulu ukamukaniza chinthu n'kumusiya manja lende amakhumudwa, koma ukamupatsa pogwira amakhala mlonda wako.

FUNSO: Mayi akunyumba ali ndi miyezi 8. Miyendo yawo imatupa, ndiye ndimawatikita akatumba usiku uliwonse ndi mphamvu kuti madziwo abwerere. Masiku atatu apitawa mwendo wakumanzere watupa kuposa unzake ndipo akuti katumba akuwawa akaponda. Ndiwonjezere mphamvu?
Bambo wa ku Mponela

YANKHO: Bambo, siyani kutikita mwendo umenewo, ndipo mukangowerenga izi pitani nawo kuchipatala lero. Magazi a mayi woyembekezera amaundana msanga kuposa a munthu wina, ndi njira ya thupi yomuteteza kuti asataye magazi ambiri pochira. Kuipa kwake n'koti nthawi zina amaundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo, ndipo mwa amayi oyembekezera zimakonda kuchitika kumanzere. Zizindikiro zake ndi zomwe mwalembazo: mwendo umodzi kutupa kuposa unzake, kuwawa, nthawi zina kutentha kapena kusintha mtundu. Mukakanda katumba wotere, chibuluma cha magazicho chingathothoke n'kuyenda mpaka m'mapapo. Akayamba kubanika, kumva kulasa m'chifuwa kapena kutsokomola magazi, musadikire kuti kuche. Mwina adokotala akapeza kuti ndi mnofu chabe, koma zimenezo akanene ndi iwo atapima. Mankhwala ake alipo, obaya, ndipo savulaza mwana.

Kutupa kwa mapazi onse awiri mofanana, kobwera madzulo n'kuphwa m'mawa, n'kwa masiku onse. Kumeneko mayi akweze miyendo pa pilo, ayendeko, amwe madzi okwanira, inu muziwasisita mopepuka kuchokera kumapazi kukwera m'mwamba, osafinya akatumba, osadinikiza pamitsempha yotupa ija yooneka ngati nyongolotsi. Koma kutupa kukafika kumaso ndi m'manja mpaka mphete kuthina, mutu kuwawa mosalekeza, maso kuchita chidima kapena kuona tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti kumanja, imeneyo ingakhale BP ya pakati, imene imafikitsa mayi pokomoka ndi kugwedezeka. BP ikafika 140/90 timayamba kumuyang'anira mwapadera. Kutikita sikutsitsa BP yotere. Ndakondwa nanu kuti mumasamala mkazi wanu chonchi, amuna ambiri sadziwa n'komwe kuti mapazi a akazi awo atupa. Manja omwewo muwasamutsire kumsana ndi kumapewa.

FUNSO: Ndimagwira ntchito muofesi ku City Centre ndipo ndinazolowera kupita kumasaji kamodzi pamwezi. Tsopano ndili ndi pakati pa miyezi iwiri. Ndisiye?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Malo ambiri a masaji salandira mayi miyezi itatu yoyamba isanathe. Chifukwa chachikulu n'choti mimba zambiri zopita padera zimapita nthawi imeneyi pa zifukwa za mwana yemwe, ndipo eni malo safuna kulozedwa chala. Nseru ya miyezi imeneyi imadananso ndi fungo la mafuta awo. Ine ndinganene kuti muyambe sikelo, akupimeni BP ndi magazi, koma za masajizo dikirani mupitirire masabata 12, kenako mufunse azamba anu ngati palibe choletsa. Ngati munatayapo magazi pa mimba ino, nsengwa ili m'munsi, BP ndi yokwera, kapena munachirapo masiku asanakwane, mawu a adokotala ndiwo atsogole.

Mukapita, nenani pakhomo pomwe kuti ndinu woyembekezera, ndipo mufunse mosachita manyazi ngati wotikitayo anaphunzira kutikita amayi apakati. Akakuuzani kuti mugone chagada ola lonse, kapena chafufumimba mimba itakula, dziwani kuti sanaphunzire. Kanani masaji okanda mozama m'miyendo, miyala yotentha, sauna ndi bafa la madzi otentha kwambiri, popeza thupi likatenthedwa mopitirira, makamaka miyezi yoyambayi, ubongo ndi msana wa mwana zimene zikuumbika zimakhala pangozi. Mafuta onunkhira amphamvu aja apempheni awasiye, agwiritse opanda fungo. Mukamva chizungulire kapena mimba ikulimba, auzeni aime, mutembenukire kumanzere, ndipo mudzuke pang'onopang'ono.