Mwana wotupa mapazi asadikire mankhwala a pa basi

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba, kuti mwana wanu wa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu watupa mapazi ndi masaya, tsitsi likufiira, chakudya akukana, ndipo agogo ake kumudzi akuti ndi tsempho, mudikire mankhwala omwe atumize pa basi. Chonde musadikire basiyo.

Usiku uno mugoneke mwanayo, muike zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi ake onse awiri, mudinikize kwa masekondi atatu. Mukachotsa zala n'kuona kuti patsala timaenje mapazi onse awiri, kumeneko ndi kunyentchera koopsa komwe achipatala amati kwashiorkor. Kutupako ndi madzi. Matendawa amapusitsa anthu ambiri, chifukwa masaya amadzaza, anthu n'kumati mwana wanenepa, ngakhale sikelo imene imatha kukwera pomwe thupi likutha mkati. Enanso khungu limasupuka ngati anapsa, ndipo mwana amangokhala ndwii, osafuna kusewera.

Ndisanabwere kuno ku Joni ndinkathandiza kusikelo ya ana kwathu, ndiye kachingwe ka mitundu itatu koyezera mkono ndakagwira nthawi zambiri. Amayeza mkono wamanzere, pakati pa phewa ndi chigongono, kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Pakapanda kufika masentimita 11.5 ndi pofiira, mwana ali pangozi. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi pachikasu, wayamba kunyentchera. Kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Koma mwana wotupa mapazi, ngakhale kachingwe kaonetse pobiriwira, amatengedwa kuti ndi wodwala kwambiri. Musakhazikike mtima ndi mkonowo.

Za tsempho sinditsutsana ndi agogo pagulu pano, ndi makolo athu ndipo akulankhula chifukwa chomukonda mdzukulu. Koma ndinaziona ndi maso anga, bambo ndi mayi akulozana zala kuti walakwa ndani, masabata n'kumapita, mwana akufooka. Za m'banjazo mudzakambirana mwana ali kale m'manja mwa adokotala.

Ndikudziwanso chomwe chimatibweza ambiri kuno, mapepala. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Joni, linagamula kuti ana osafika zaka 6, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena alibe. Mawa m'mamawa tengani kabuku ka mwana, kaja ka Road to Health, kapena ka kusikelo ka kumudzi ngati anabadwira ku Malawi, mupite ku kiliniki yapafupi. Mukafika nenani pakhomo pomwe kuti mwana watupa mapazi onse awiri ndipo sakudya. Akaona kuti n'zofunika kugonekedwa amakutumizani okha ku zipatala zazikulu ngati Rahima Moosa, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath. Akafuna kumuyeza TB ndi HIV musakane, matenda awiriwa amabisala kuseri kwa kunyentchera.

Musamukakamize chakudya chambiri pakamodzi poti achire msanga. Thupi lofooka chonchi silingakwanitse, n'chifukwa chake kuchipatala amayamba ndi mkaka wapadera wa F-75, pang'onopang'ono, asanafike pa zonga chiponde chathu chija. Dzira, nsinjiro, nyemba ndi usipa wosinja m'phala zidzagwira ntchito akatuluka, makamaka poti ana athu ambiri kuno amaswera phala loyera ndi tiyi ife tili kuntchito. Ngati akuyamwabe, apitirize kuyamwa, ndipo mum'funditse bwino chifukwa ana oterewa amazizidwa msanga.

Akayamba kusanza chilichonse, kutsekula m'mimba kwambiri, kukomoka kapena kuvuta kudzutsa, musadikire kuti kuche. Itanani ambulansi poimba 10177, kapena 112 pa foni yam'manja. Mawa mukachoka ku kiliniki mutilembere pano momwe mwayendera, tikhala tikudikira.