Andiimitsa ntchito chifukwa ndili ndi pakati

FUNSO: Ndakhala kalaliki pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu kwa zaka 4. Abwana atazindikira kuti ndine woyembekezera anandiuza kuti ndikayambe ndapuma kunyumba, ndipo pampando wanga aikapo kale mnyamata wina. Tsopano akuti ndisaine kalata yoti ndasiya ndekha kuti andipatse ndalama zanga. Ndisaine? Mayi wodandaula, Kasungu

YANKHO: Musasaine, mayi. Kalatayo ikangokhala ndi siginecha yanu, abwanawo adzaitulutsa ngati umboni woti munachoka mwakufuna kwanu, ndipo kuitsutsa pambuyo pake ndi chintchito.

Lamulo la Employment Act la 2000 lili kumbali yanu. Gawo 5 limaletsa tsankho pantchito. Gawo 47 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, malipiro ali athunthu, kamodzi pa zaka 3. Gawo 49 likuti kuchotsa munthu chifukwa cha pakati ndi mlandu, ndipo abwana ndiwo ayenera kupereka umboni woti chifukwa chake chinali china.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Dandaulo liyenera kufika ku ofesi ya zantchito, yomwe ambiri amangoti ku leba, isanathe miyezi 3 chichotsedwereni. Mawu oti "mukayambe mwapuma" ndi oterera: munthu amakhala pakhomo kudikira foni, miyezi nkumatha. Choncho alembereni kalata sabata ino yofunsa ngati mudakali pantchito kapena ayi, musunge kope lake. Akakana kuyankha, pitani ku leba pa boma la Kasungu mutatenga mapepala a malipiro, buku lanu la kusikelo losonyeza madeti, ndi mauthenga onse a pafoni. Ngati munalibe kalata yolembedwera ntchito musade nkhawa, mgwirizano wapakamwa nawonso lamulo limauzindikira.

Ofisala adzaitana mbali zonse. Zikakanika pakatha mwezi, nkhani ingapite ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court ku Lilongwe. Bwaloli lingalamule kuti mubwerere pantchito kapena mulandire chipukuta misozi, chomwe kwa munthu wosapitirira zaka 5 pantchito sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe anagwira. Kwa inu ndi masabata 4, ndipo kumeneko nkuyambira chabe.

Malipiro a masiku omwe munagwira kale ndi masiku a tchuthi omwe simunatenge ndi anu ndithu, safuna kalata yosiya ntchito.