Mwana wanga akuti magemu ndi mafilimu ndi luso: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Mayi ena a ku Luchenza, omwe amagulitsa kaunjika pamsika, andilembera za mwana wawo wamwamuna wa Fomu 3. Akuti akaweruka kusukulu amakathera ku vidiyo sho, akafika pakhomo ali pa magemu a pafoni imene malume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo usiku amawerenga mabuku a nthano mpaka tochi kutha moto. Teremu yapitayi walephera masamu. Atamukalipira, mnyamatayo anayankha kuti zimene amakondazo si chibwana koma luso, monga zilili nyimbo ndi zosemasema, ndipo ntchito yake idzachokera momwemo. Ali ndi kope limene amalembamo magemu, mafilimu ndi mabuku amene amugwira mtima, chilichonse ndi zifukwa zake. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Ndimulande foniyo ndi kumuletsa zonsezi, kapena pali tsogolo pamenepa?"

Mayi, ndiyambire pa kopelo, chifukwa m'kalata yanu yonse ndi limene landipatsa chiyembekezo. Ana oonera mafilimu ndi ambiri, pitani pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale madzulo mukawaone adzaza m'mabenchi. Koma mwana amene amati akaonera n'kukhala pansi kulemba chifukwa chimene filimu iyi yaposera inzake, ameneyo ndi wosowa. Kopelo musaliwotche, ndipo musaliseke.

Pa mawu ake akuti zimenezi ndi luso, mwanayo sakunama. Za mabuku palibe angatsutse. Buku la Nthondo, limene ana ambiri anakumana nalo m'kalasi ya Chichewa, analemba ndi mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, a Samuel Ntara, ndipo linatuluka mu 1933. Papita zaka zoposa 90 koma mwana wa lero amakwiyabe ndi umbava wa Nthondo ndi kumumvera chisoni nthawi imodzimodziyo. Kulemba munthu woti owerenga amude ndi kumukonda pamodzi ndi ntchito ya mmisiri. Mafilimu nawonso ndi chimodzimodzi, kungoti amisiri ake amakhala ambiri: wolemba nkhani, wojambula, wotola mawu, wolumikiza zithunzi, woyang'anira zovala ndi wotsogolera atengambali.

Magemu ndi amene makolo ambiri amawakayikira, ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Taganizirani bawo. Munthu wina kalekale anakhala pansi n'kuganiza kuti maenje akhale 32, mizere inayi, kudya kukhale kotere, kutakata kukhale kotere. Malamulo ochepawo akhala akusunga madoda pansi pa mtengo wa mango mibadwo ndi mibadwo, ndipo palibe masewero awiri a bawo amene amayenda mofanana. Nzeru yopanga malamulo oti munthu asatope nawo ndi yomweyo imene opanga magemu a pakompyuta amagwiritsa ntchito, iwo amangowonjezerapo zithunzi, nyimbo ndi nkhani. Gemu yotchedwa Tetris, ya timiyala togwa tija, anaipanga mu 1984 ndi katswiri wa makompyuta wa ku Moscow, Alexey Pajitnov. Mu 2012 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inayamba kusunga magemu pamodzi ndi zaluso zina, ndipo Tetris inali m'gulu loyambalo. Choncho mwana wanu akamati gemu ingakhale luso, pali anthu ophunzira kwambiri amene akugwirizana naye.

Pamene ndikusiyana naye ndi apa. Kukonda nsima sikusandutsa munthu mlimi. Luso limene akuliyamikiralo ndi la amene anapanga gemuyo, si la amene akuisewera. Pakadali pano mwana wanu ndi wodyerera ntchito za ena, ndipo palibe ofesi kapena kampani imene imalipira munthu chifukwa choti anaonera mafilimu ambiri. Funso loti timuthandize kuyankha ndi lakuti kodi angathe kuchoka pa benchi ya oonera n'kupita kumbali ya opanga. Njira yopitira kumeneko imadutsa m'kalasi momwe akuthawamo.

Ndinene za masamu mosabisa, popeza ndi pamene wagwera. Kamunthu ka mu gemu kakamadumpha, kompyuta imakhala ikuwerengera kutalika, liwiro ndi mphamvu yokokera pansi kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mpira wa mu gemu ya mpira ukamakhota, ndi ma angle ndi ma graph omwe aja a Fomu 3 amene akugwira ntchito. Wopanga magemu wosadziwa masamu ali ngati kalipentala wopanda tepi. Ngakhale ku mafilimu, mmodzi mwa akatswiri athu odziwika, a Shemu Joyah, ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo, ntchito ya masamu okhaokha. Filimu yawo ya The Road to Sunrise inapata mphoto ya Africa Magic ku Nigeria mu 2018. Sanasiye sukulu kuti atsate luso. Sukuluyo ndi imene inawapatsa poimira.

Za maphunziro apamwamba, simukusowa kuyang'ana kutali. Yunivesite ya MUST ili kwanu komweko ku Ndata, m'boma la Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014. Ili ndi maphunziro a makompyuta, komanso ili ndi nthambi ya Bingu School of Culture and Heritage yophunzitsa za chikhalidwe, chiyankhulo ndi nyimbo. Ku Zomba, yunivesite ya UNIMA imaphunzitsa zisudzo, zojambulajambula, nyimbo, zolembalemba ndi sayansi ya makompyuta. Ku Blantyre, MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic, ili ndi utolankhani ndi zaukadaulo wa makompyuta, ndipo sukulu ya MIJ (Malawi Institute of Journalism) imaphunzitsa utolankhani wa pawailesi ndi wa m'nyuzipepala. Kuti bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limuganizire pa masankho a mayunivesite a boma, afunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, Chingerezi chikhale momwemo, ndipo maphunziro a makompyuta amafuna kirediti yabwino ya masamu. Mpikisano wake ndi waukulu, moti kungokhoza sikukwanira, mapointi ayenera kukhala ochepa. Ali Fomu 3, nthawi yokonza ilipo, koma si yambiri.

Za ndalama ndisakunamizeni, mayi. Msika wa mafilimu kuno ndi waung'ono. Filimu ikangotuluka, mawa lake ili kale m'mamemori khadi kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, ndipo mwini wake sapezapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA lilipo loteteza eni luso. Ojambula ambiri amadyera maukwati, zinkhoswe, mavidiyo a oimba ndi makwaya, malonda a pakanema ndi ntchito za mabungwe, filimu ya kumtima kwawo n'kumaipanga ndi zotsala. Olemba mabuku ambiri ndi aphunzitsi, atolankhani kapena ogwira ntchito zina. Opanga magemu ndiye ochepa zedi. Koma amene waphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta chifukwa chokonda magemu amafunidwa ku mabanki, ku makampani a mafoni ndi kwina kotero, ndipo ena amagwirira ntchito makampani akunja pa intaneti ali konkuno. Ndiye tsogolo lilipo, kungoti silioneka ngati mmene iye akulilotera.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchifufuza sabata ino. Ana ena akamati ali pa gemu amakhala ali pa juga, kandege kobetchera ndalama pafoni kaja ndi kubetcha mpira. Imeneyo si luso, ndi dzenje, ndipo malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kuchita nawo. Muone ngati ndalama zikusowa m'chikwama cha kaunjika, kapena ngati akumapempha ya bandulo kawirikawiri. Komanso bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi magemu mpaka kulephera kudziletsa ndi vuto la umoyo. Zizindikiro zake ndi kusiya kudya, kugona, kusamba ndi anzake chifukwa cha gemu, ndi kupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Kalata yanu sikuonetsa kuti wafika pamenepo, poti mwana wowerenga mabuku ndi kulemba m'kope maganizo ake adakali otambasuka. Koma inu ndi amene muli naye pafupi.

Foni musamulande kotheratu. Mukatero adzangosamukira ku foni ya mnzake kumene simudzamuona. Pangana nayeni kuti Lolemba mpaka Lachisanu foni izigona kuchipinda kwanu, vidiyo sho ikhale ya Loweruka masana, osati ya usiku imene nthawi zina amaonetsa zosayenera ana. Ndipo tsiku lina mukatha kudya mgonero mumuuze atenge kope lija akuwerengereni tsamba limodzi. Mumufunse mafunso a munthu wofunadi kudziwa: chakusangalatsa n'chiyani pamenepa, ukanakhala iwe ukanasintha pati? Simukusowa kudziwa gemuyo. Mumadziwa nthano, munakulira pa "padangotero" ndi "tili tonse", ndipo mumadziwa nthano yokoma ndi yozizira.

Tsopano ndiyankhule ndi iwe mnyamata, poti ndikudziwa kuti mayi akuwerengera zimenezi.

Zimene umalemba m'kope lakozo ndi zomwe a MANEB amafunsa pa mayeso a zolembalemba, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Tenga filimu imene umaikonda koposa, uifunse mafunso a m'kalasi: mpangankhani wamkulu ndani, akufuna chiyani, akumutsekereza ndani, pampondachimera ndi pati, malo ndi nthawi zikuthandiza bwanji nkhaniyo. Ukatha kuchita zimenezi ndi filimu, buku la pasilabasi silingakuvute. Ukakhala ku vidiyo sho, mvetsera bwino anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja. Ona pamene akutsata nkhani mokhulupirika ndi pamene akungoikamo nthabwala zawo. Kumasulira ndi ntchito imene anthu amaiphunzira mpaka ku yunivesite.

Kenaka panga chako. Holide ikubwerayi jambula filimu ya mphindi zisanu ndi foni yomweyo. Nkhani usakaifune ku America. Uli m'dera la minda ya tiyi, kumene anthu amalawirira mbandakucha ndi madengu kumsana nkhungu ili thoo. Uli pafupi ndi phiri la Mulanje, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002 ndi nkhani za mizimu zimene agogo amakamba motsitsa mawu. Pa Chonde, kumene kumachitikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, amavina tchopa, gule amene bungwe loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse la UNESCO linamuika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014. Pali anthu amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi maso awo, ndipo ena mwa iwo angafune kuti zimene anaonazo zisungidwe, ukawapempha mwaulemu ndi kulemekeza akakana. Usajambule munthu osamupempha. Uyambe ndi agogo ako, uwakhazike pamthunzi kuwala kukuwamenya kumaso osati kumsana, foni uiyandikize kuti mawu amveke, mphepo isawombe pa maikolofoni. Ukadzaionera udzapeza zolakwika zambiri, ndipo zolakwikazo zidzakuphunzitsa zimene mafilimu 100 oonera sangakuphunzitse.

Ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta, kapena pali telesenta pafupi, funsa za pulogalamu ya Scratch. Ndi yaulere, anaipangira ana oyamba kumene, ndipo ungapange nayo kagemu kako koyamba. Ukakula nayo pali Godot yopangira magemu ndi Blender yopangira zithunzi zoyenda, zonse zaulere. Yesa kupanga bawo ya mizere iwiri yokha. Udzaona wekha pamene masamu akukuimitsa. Lowanso kalabu ya zisudzo kapena ya olemba pasukulu panu, ndipo nkhani yaifupi imodzi uitumize ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimene zimasindikiza nthano ndi ndakatulo.

Koma choyamba, Lolemba likubwerali, tenga pepala la masamu limene unalepheralo upite nalo kwa aphunzitsi ako, uwapemphe akuonetse mitu itatu imene inakugwetsa kwambiri. Mayi, ngati mungathe kusiya benchi ya kaunjika m'manja mwa mnzanu kwa ola limodzi, mupite naye limodzi, ndipo kope lija alitengenso aphunzitsi a Chichewa akalione.