Msuweni, za malo akale a mu Blantyre zija

Eee msuweni, ndamva uthenga wako. Dikira kaye nditsitse wailesiyi... eya. Ndiye wati mu Disembala ukubwera ndi ana kuchokera ku Joni, ukufuna malo akale oti ukawaonetse mu Blantyre muno. Iweyo? Malo akale? Si iwe unatizemba pa ulendo wa sukulu wa ku myuziyamu uja, tikukupeza ukudya tchipisi pa Ginnery Corner? Hahaha! Chabwino, ndikuyankha.

Malo alipo. Pali Mandala House, ya 1882, anamanga a kampani ya African Lakes. Ankaiyendetsa pachibale pawo, John ndi Fred Moir, ndiye John uja ankavala magalasi, anthu n'kumangomutchula kuti Mandala, dzina n'kukhazikika mpaka lero. M'chipinda cha m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mabuku ndi zithunzi zakalekale. Ndi ku Mandala komweko kumene anyamata a Chilembwe anapita usiku mu 1915 kukathyola mosungira mfuti. Ku Chichiri nako, panja pa myuziyamu pali chisitima chakale, ana amachikonda. Zimenezo tsiku limodzi mwamaliza.

Koma tchalitchi cha pa Mishoni, St Michael and All Angels... ii, pamenepo ndiye. Ukukumbuka tsiku lija amalume anatitengera kumeneko? Linali Lamlungu... ayi ndanama, Loweruka, chifukwa kwaya ya amayi a Mvano inkaphunzira nyimbo mkati. Anavala jekete yawo ya bulawuni ija, levulo ili m'thumba ngati akupita ku ntchito. Ife timati tikalowa mkati, iwo ayi, atiimika panja dzuwa lili phwee. Akuti, "Gwirani khomali. Osaliyang'ana, ligwireni." Iwe n'kuyamba kudandaula kuti njerwa zikuotcha.

Ndiye anayamba kutifotokozera kuti m'busa uja David Clement Scott sanapite ku sukulu ya zomangamanga, koma anayamba ntchito mu 1888, pofika 1891 tchalitchi chatha. Njerwa zonse anaumba ndi kuotcha komweko, zikombole zake za matabwa, ndipo akuti mitundu ya njerwazo ndi 81. Amalume anafuna aiwerenge okha! Akuyenda chozungulira, chala pakhoma, "iyi yakhota, iyi yamutu wozungulira, iyi yakona." Atafika cha m'ma 30 ife njala yatipha. Kenaka anatulutsa levulo ija n'kuikhazika pakhoma la tchalitchi cha eni ake. Mlonda anabwera akuthamanga, amvekere bambo mukutani? Pasanathe mphindi zisanu mlondayo ndi amene anawagwirira levulo, awiriwiri akuyang'ana kadontho kamadzi kaja. Mawu amene ananena pamenepo sindinawaiwale. Anati, "Wotchuka ndi Scott, koma matope anaponda ndi anthu a kuno, njerwa anayala ndi manja ngati angawa." N'kutionetsa zikhatho zawo, zong'aluka ndi simenti zija. Pobwerera anatigulira zitumbuwa, tinayenda wapansi mpaka ku Chilomoni chifukwa ndalama ya minibasi inathera pomwepo.

Mm. Tsopano tamvera msuweni. Zonsezi ukuzidziwa, unali pomwepo. Funso lako waliponya pa gulu la banja pamene ukudziwa kuti amalume amawawerengera mauthenga madzulo alionse. Ine ndakumva. Sukufuna malo akale iwe, ukufuna poyambira ndi bambo ako. Chichitikireni maliro aja ndi nkhani ya malata ija simunakhalepo pansi, ndipo wamng'onoyo agogo ake sanamunyamulepo.

Ndiye kawatenge. Usakafike ndi nkhani, ukangoti, "Ababa, ana akufuna akaone tchalitchi, ine njerwa zija ndinaiwala." Adzadzuka, ndikukuuza, adzafunafuna jekete. Maso ndiye akuvuta masiku ano, ng'ala ija yakula, koma khoma lija amalidziwa ndi manja.

Kaya ku Mandala mupita kaya simupita, zimenezo n'zanu. Koma pa Mishoni usakapite wekha ndi anawo, upite ndi bambo ako. Galimoto ndikubwereka, mafuta uthire wekha, wa ku Joni ndiwe, hahaha. Wamva? Ukawatenge ku Chilomoni m'mawa dzuwa lisanakwere, akhale kutsogolo. Dikira, mpunga wanga ukupserera, ndikuimbira usiku.