Ndani ayenera kupita ku misonkhano ya za magazi?

Mayi wina wa mu labotale ya chipatala cha boma wandilembera kufunsa ngati asunge ndalama zake kuti akakhale nawo pa msonkhano wa Africa Society for Blood Transfusion, bungwe la mu Africa loona za kupereka ndi kuika magazi, kapena adikire kuti akuluakulu adzamusankhe. Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa inenso ndinadikira motero kwa zaka zambiri.

Pa chipatala china chimene ndinagwirako ntchito, makalata oitanira anthu ku maphunziro ankathera mu ofesi, ndipo opita anali omwewo chaka ndi chaka. Ankabwerako ndi zikwama ndi masatifiketi, koma sankatiitana kuti atiuze zimene akamva. Mvula ikayamba, wodi ya ana inkadzaza ndi odwala malungo, zikhatho zili mbuu, ndipo usiku wopachika thumba la magazi anali namwino amene sanaphunzitsidweponso za ntchitoyi chichokereni ku koleji. Ndinaona thumba litaviikidwa m'madzi otentha kuti magazi afunde msanga, pamene kutentha kotero kumaphwanya maselo ofiira. Ndinaonanso lina litatuluka m'firiji m'mawa n'kugona pa tebulo mpaka masana. Namwinoyo sindimuimba mlandu, pakuti panalibe anamuuza kuti magazi amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 6, kuti akatuluka m'firiji ayambe kulowa pasanathe mphindi 30 ndi kutha pasanathe maola 4, ndiponso kuti mphindi 15 zoyambirira sachoka pambali pa wodwala.

Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi kwa opereka mwaufulu ndi kuwayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi. Koma khama lonselo limapita pachabe ngati wina walemba dzina lolakwika pa kabotolo ka magazi oyeza, mayi wotaya magazi pobereka n'kulandira a gulu lina. Ndikunenetsa kuti maphunziro amene safika ku wodi ndi kuwononga ndalama, ndipo mwambo wosankha wopita poyang'ana alawansi uyenera kutha. Aliyense wotumidwa ku msonkhano azikakamizidwa kuphunzitsa anzake akabwerako, kuphatikizapo ogwira usiku, apo ayi asadzatumidwenso.

Sindikunyoza misonkhanoyo ayi. Ku misonkhano ya bungwe la mu Africa lija, ku Kigali mu 2016 ndi ku Arusha mu 2018, kunakumana anthu odziwa mavuto a magetsi ozimazima ndi kusowa kwa magazi sukulu zikatsekera, ndipo nzeru zotere ndi zimene tikuzifuna. Maganizo a Pledge 25, oti achinyamata alonjeze kupereka magazi ka 25, anayambira ku Zimbabwe ndipo anafalikira chifukwa anthu ankakumana ndi kuuzana.

Tsono muchite chiyani?

Musawononge malipiro anu pa tikiti ya ndege, komanso musadikire. Tengani kaundula wa mu labotale yanu, muwerenge mathumba amene anapemphedwa, amene anaperekedwa ndi amene anatayidwa m'chaka chimodzi, mupemphe chilolezo, kenaka mulembe chidule cha kafukufuku ndi kuchitumiza. Wokhala ndi pepala lovomerezedwa savuta kumupezera thandizo, ndipo bungwe la pa dziko lonse la International Society of Blood Transfusion lili ndi Harold Gunson Fellowship yothandiza achinyamata pa ulendo wa ku misonkhano yake. Pakadali pano tsatirani maphunziro a pa intaneti, ndipo mupemphe malo mu komiti yoona za magazi pa chipatala chanu. Ngati kulibe, kambiranani ndi a metroni kuti iyambike.