Madagascar m'masabata awiri: msewu wa kummwera kapena milambe ya kumadzulo?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo yofunsa za ulendo wa ku Madagascar. Akuti ali ndi tchuthi cha masabata awiri, ndipo chimene chinawakopa ndi zithunzi za milambe italiitali ya ku Morondava, koma bambo a kunyumba kwawo akukayikira ngati n'kwanzeru kuwononga ndalama kukaona mitengo imene ili mbwee ku Salima ndi ku Mangochi. Afunsanso ngati masiku amenewo angakwane kuzungulira chilumba chonse.

Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, mayi, chifukwa ndi limene limasokoneza maulendo a anthu ambiri. Masiku amenewo sangakwane. Madagascar ndi chilumba chachinayi pa zilumba zikuluzikulu padziko lonse, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 587,000, kutanthauza kuti Malawi angalowemo pafupifupi kasanu. Misewu yambiri ndi yopapatiza, yokhotakhota ndiponso yokumbika, moti mtunda umene pamapu ukuoneka waufupi umatha tsiku lathunthu. Mukafuna kufika paliponse, tchuthi chanu chidzathera pampando wa galimoto. Choncho musankhe mbali imodzi, ndipo muiyende mosathamanga.

Kunena za milambeyo, bambo ali ndi mfundo, koma si yonse. Mlambe wathu ndi wa mtundu umodzi umene umapezeka m'madera ambiri a Africa, pamene ku Madagascar kuli mitundu isanu ndi umodzi yosapezeka kwina kulikonse. Ya pazithunzi zija ndi ya mtundu wa Grandidier. Thunthu lake ndi losalala, loongoka ndipo limatha kufika mamita 30, nthambi zonse zili pamwamba penipeni ngati ambulera. Ili m'mbali mwa msewu wafumbi, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Morondava, ndipo dzuwa likapendeka makungwa ake amafiira, ngolo za ng'ombe zikudutsa pansi pake kubwerera kumudzi. Malowo ndi okongola zedi, komabe ine amandimvetsanso chisoni, chifukwa mitengoyo sinamere payokhapayokha chonchi: inali pakati pa nkhalango yowirira imene anthu anaigwetsa potsegula minda, n'kusiya milambe yokha.

Vuto ndi lakuti pamalopo mumakhala maola ochepa chabe, pamene kuchokera ku likulu la Antananarivo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700. Amene amapita kumadzuloko amapitiriza ulendo mpaka ku Tsingy de Bemaraha, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1990. Kumeneko mvula inasema miyala ya njereza kwa zaka zosawerengeka mpaka inasanduka mitsonga yakuthwa, ndipo m'mbali zina munthu amakwera atamangidwa lamba ndi chingwe, n'kuwoloka milatho yolendewera pamwamba pa maphompho. Kuti mukafike muyenera galimoto yamphamvu, kuwoloka mitsinje ya Tsiribihina ndi Manambolo pa zombo zonyamula magalimoto, ndipo m'dzinja msewuwo sudutsika. Ngati mawondo anu ndi olimba ndipo simuchita chizungulire pamalo okwera, ulendo umenewu ndi woyenera masabata anu awiri.

Koma mukandifunsa kumene ndingakutumizeni pa ulendo woyamba, ndinena msewu wa RN7, wochoka ku Antananarivo kutsikira kummwera mpaka ku Toliara pagombe, mtunda woposa makilomita 900. Ubwino wake ndi wakuti dziko limasintha inu mukuona. Poyamba mumadutsa m'mapiri ozizira momwe minda ya mpunga inasemedwa m'makwerero m'mbali mwa zitunda, pakati pa nyumba zosanja, zopapatiza, za njerwa zofiira. Ku Antsirabe mumakwera tingolo tokokedwa ndi anthu totchedwa pousse-pousse, ndipo ku Ambositra mumapeza amisiri osema matabwa. Mukapatuka pang'ono kum'mawa mumalowa m'nkhalango yamvula ya Ranomafana, imene inakhala malo otetezedwa mu 1991, patapita zaka zochepa akatswiri atapezamo mtundu wa lemur wodya nsungwi umene sayansi sinkaudziwa.

Ma lemur amenewa ndi achibale a changa wathu, ngakhale ena amayenda masana ndipo ndi akuluakulu. Malo amene ndimawakonda kwambiri pa msewu wonsewu ndi Anja, pafupi ndi tauni ya Ambalavao, chifukwa amene amasamala nkhalangoyo ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo ndalama zolowera zimathandiza iwo omwe. Kumeneko ma lemur a michira ya mizeremizere yakuda ndi yoyera amakhala pamatanthwe m'mamawa, atatambasula manja kuwothera dzuwa, ena atabereka ana kumsana. Ndimaona kuti ndalama yoperekedwa pamalo otero imagwira ntchito yooneka, chifukwa munthu amene akupindula ndi mtengo woimirira sathamangira nkhwangwa.

Kupitirira pamenepo nkhalango imatha, ndipo mumatulukira m'chigwa chaudzu chodyetserako ng'ombe za linunda mpaka mutafika ku Isalo, malo otetezedwa kuyambira 1962. Ndi dziko la matanthwe ouma ndi zigwembe zakuya, koma mukatsikira pansi mumapeza maiwe a madzi oyera ozunguliridwa ndi zomera zobiriwira, momwe munthu amasambira atatopa ndi dzuwa. Anthu a mtundu wa Bara amaika maliro awo m'mapanga a m'matanthwe amenewo, choncho mumvere malangizo a wokutsogolerani pa miyambo yoletsa imene iwo amaitcha fady, monga kusaloza manda ndi chala. Ndi lamulo kuyenda ndi wotsogolera alendo m'malo otetezedwa a boma, ndipo malipiro ake muwawerengere padera. Pafupi ndi Toliara, kudera la Ifaty, mudzaonanso milambe ya mtundu wina m'nkhalango yaminga, moti bambo sadzabwerera osaona mlambe wachilendo.

Masiku awiri omaliza muwasungire Andasibe, kum'mawa kwa likulu, ulendo wa maola angapo. Kumeneko kuli indri, lemur wamkulu wopanda mchira weniweni, amene kulira kwake kwa m'mawa kumamveka patali kwambiri m'nkhalango. Chilumba cha Nosy Be komanso cha Sainte-Marie, kumene anamgumi amafika pakati pa Julayi ndi Seputembala, muzisiyire ulendo wina.

Chotsala ndi nyengo. Pewani miyezi ya Januwale mpaka Malichi, chifukwa ndi nthawi ya mvula yamphamvu ndi anamondwe. Namondwe Freddy, amene anatisautsa kuchigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anali atayamba wagunda gombe la kum'mawa kwa Madagascar mu Febuluwale. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala misewu imakhala youma, koma mu Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira usiku, choncho mulongedze juzi yokhuthala. Ma minibasi akumeneko, otchedwa taxi-brousse, ndi otchipa koma amanyamuka akadzaza, ndipo kwa munthu wa masiku owerengeka ndi bwino kubwereka galimoto yokhala ndi dalaivala wake, makamaka wodziwako Chingelezi, popeza anthu ambiri amayankhula Chimalagasi ndi Chifalansa.