Ndili ndi intaneti ziwiri koma liwiro silikukwera, vuto n'chiyani?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi malayini awiri a intaneti ochokera kumakampani osiyana, faiba ya 20 Mbps ndi 4G yofika 10. Ndinagula rauta ya ma WAN awiri (yolandira malayini awiri a intaneti) poganiza kuti ndizipeza 30 koma ndikamadawuniloda fayilo imangothera pa 20, mwinanso 10 basi, komanso webusayiti ya banki ikumanditulutsa ndili mkati molipira. Kodi anandigulitsa rauta yabodza? Wowerenga wanu.

YANKHO: Ayi achimwene, rautayo ilibe mlandu. Zimene ikuchitazo ndi load balancing, yomwe imagawa ma connection (kulumikizana kulikonse kwa chipangizo chanu ndi webusayiti) pakati pa malayini awiriwo, siiphatikiza malayini. Fayilo imodzi nthawi zambiri imakhala connection imodzi, ndiye rauta ikaiponya kufaiba iyenda komweko mpaka kutha, 4G ili phee. 30 ija muiona anthu angapo akalowa nthawi imodzi, wina pa YouTube wina pa Zoom wina akutumiza zithunzi, apo malayini onse amatuluka thukuta.

Za banki ndiye zofunika kukonza msanga, poti pali ndalama. Kampani iliyonse imakupatsani IP address yakeyake, nambala yokuzindikiritsani pa intaneti, tsono mukalowa ndi ya faiba kenako tsamba lotsatira n'kudutsa pa 4G, banki ikuona ngati munthu wina wabwera pakati ndiye imatseka, ndipotu ikuchita bwino. Yang'anani mu ma setting a rauta mawu oti sticky connections kapena policy routing, muiuze kuti kompyuta yolipirira izidutsa layini imodzi yokha. Mayina a ma setting amenewa amasiyana malinga ndi mtundu wa rauta: pa MikroTik amagwiritsa PCC, pa OpenWrt pali mwan3, pa pfSense ndi gateway groups.

Ngati mtima uli pa 30 pa fayilo imodzi, imeneyo ndi bonding, imafuna seva kwinakwake pa intaneti yolandira mapaketi (tizidutswa ta data) a malayini onse n'kuwasanjanso. Mapulogalamu a Speedify ndi OpenMPTCProuter amachita zimenezi, yachiwiriyo imadalira Multipath TCP, njira yotumizira data pa malayini angapo nthawi imodzi, yomwe Apple anayamba kuigwiritsa ntchito pa Siri mu 2013. Koma faiba ndi 4G sizithamanga mofanana, mapaketi ena amachedwa enawo n'kumadikira, ndiye 30 yathunthu musaiyembekezere. 

Ine kwanga ndinaika failover basi, layini yachiwiri imangodikira kuti inyamule yoyamba ija ikagwa. Chenjerani apa, rauta isamangoona ngati waya walumikizidwa, chifukwa nyali imatha kuyaka yobiriwira bwinobwino intaneti itafa kale kutsogoloko, muiuze izichita ping, kutumiza kauthenga koona ngati intaneti ikuyankha, ku ma address a 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1 pa masekondi angapo alionse. Mukamaliza zulani waya wa faiba muwerenge masekondi mpaka 4G itanyamula. Afunseninso makampaniwo ngati sakudalira chingwe chimodzi, pajatu ena amabwerekana, chikaduka onse awiri amazima limodzi.